"Iyi ndi feki, mphwanga": ndudu ya a malume ndi zomwe ndinapeza m'mbali mwa paketi

## Katoni ya pa eyapoti

Ine sindisuta, ndiyambe ndanena zimenezo. Ndinayeserapo kamodzi ndili mnyamata, ndinakhosomola mpaka misozi mbwembwembwe, nkhani inathera pompo. Koma a malume anga amasuta, ndipo akhala pa mtundu umodzimodzi wa ndudu kuyambira ine ndisanabadwe. Dzina lake sindilitchula pano, mungodziwa kuti ndi limodzi mwa maina aja oti ngakhale osasuta amawadziwa. Kwa iwowo ndudu imeneyi ili ngati timu ya mpira, simungawauze kanthu, ndipo aliyense wosuta mtundu wina amamuona ngati mwana woyamba kumene.

Nde ulendo wina ndikuchokera kunja ku msonkhano wa kuntchito, ndege yolumikiza inachedwa maola anayi, ine kumangozungulirazungulira pa eyapoti mpaka ndinapezeka ndili mu sitolo ya duty free. Kuponya maso pa shelefu, ndudu ya a malume ija iyo, makatoni kusanjikizana mpaka m'mwamba. Mtima unangoti apa nde ndapeza mphatso. A malume amenewa anandilipirira fizi zaka ziwiri bambo atatisiya, ndipo ndinali ndisanawagulirepo kanthu kooneka. Ndikudziwa, mphatso yanji imeneyo yopatsa munthu yemwe umamukonda, musavutike kundiweruza, chikumbumtima chinagwira kale ntchito imeneyo. Koma panthawiyo m'mutu mwanga munali chinthu chimodzi: ndikuwatengera orijino, ya kwa eni ake, yomwe pa zaka zonsezi sanailawepo.

Ndinawapeza pakhonde madzulo. Anailandira katoniyo ndi manja awiri, kuitembenuza uku ndi uku, kumwetulira kokhala ngati sakufuna ndione kuti asangalala. Anatsegula paketi imodzi ndi chikhadabo, kusolola ndudu, kuidutsitsa pamphuno, kuyatsa. Anakoka kamodzi. Anakoka kachiwiri mwamphamvu mpaka masaya kulowa m'kati. Kenako anaichotsa pakamwa nkumaiyang'ana momwe kholo limayang'anira mwana woti wanama bodza losakonza bwino.

"Mphwanga, zimenezi wagula kuti?"

Ndinafotokoza monyadira, eyapoti yakutiyakuti, sitolo yayikulu, risiti ilipo.

"Akubera. Iyi ndi feki."

## Opaleshoni pa nyuzipepala

Zinandiwawa, ndisaname. Ndinayamba kutsutsa, kuti a malume, feki singagulitsidwe malo ngati amene aja, mwina lilime lanu ndi lomwe lazolowera zinthu zotsika. Mawu amenewo ndikanatha kuwameza ndikanawameza. Sanandiyankhe. Anangoitanitsa nyuzipepala yakale, kuiyala pa tebulo, kutulutsa paketi yawo ya m'thumba la shati, nkuika ndudu ziwiri pambalipambali, yawo ndi yanga.

Kunja zinali mapasa. Kutalika kumodzi, kalembedwe ka dzina kamodzi. Anang'amba yawo ndi lezala kuchokera kumutu mpaka ku fyuluta, kukhuthula fodyayo, nkuchita chimodzimodzi ndi yanga. Timilu tiwiri. Ndipo ngakhale ine wosasuta ndinaona kuti sitikufanana: kena kanali kowalirako ngati udzu wouma, kena kodera, kosakanikirana ndi tizidutswa tooneka ngati pepala labulauni. Anati nunkhiza. Kamulu ka ndudu yangayo kankamveka kafungo kotsekemera, ngati muli koko. Kawoko kankangonunkha fodya basi.

Kenako anatenga fyuluta ya ndudu yanga ina, kuikweza moyang'anitsa ku babu, nkundiitana. "Taona apa." Kuzungulira fyulutayo kunali mzere wa timabowo ting'onoting'ono kwambiri, toti popanda kuwala simungatione. "Ndikukoka mphepo ine. Munthu ungagule ndudu yobooka?"

Ndinasowa chonena, nde poti munthu akagonja amafuna pogwira, ndinatenga mapaketi awiriwo nkuyamba kuwerenga timalemba tam'mbali tija tomwe palibe amawerenga. Yangayo inalembedwa kuti "Made in EU", kutanthauza European Union, mgwirizano wa maiko a ku Ulaya. Basi. Dziko osalitchula, tauni osaitchula. Ya a malume inatchula dziko lina la mu Africa momwemuno, ndi mawu oti yapangidwa mwachilolezo cha eni dzina. Palibe ngakhale imodzi mwa ziwirizi yomwe inapangidwa ku dziko lomwe ine ndi a malume tinkakhulupirira kuti ndi kwawo kwa ndudu imeneyi.

Ndinawawerengera mokweza. Anangoti "nde orijino yako ija ili kuti?" nkuyatsa yawo.

Funso limeneli linandidya mutu miyezi. Usiku m'malo mogona ndinkangokhala pa foni kufufuza, ndipo zomwe ndikulemba apazi zinachokera pamenepo.

## Dzina ndi limodzi, eni ake ndi ambiri

Choyamba kugwa chinali chikhulupiriro changa choti dzina la ndudu lili ndi mwini mmodzi. Tengani Marlboro. Mukaigula ku America ndi ya Philip Morris USA, yomwe ili pansi pa Altria, fakitale yake ili ku Richmond ku Virginia. Mukangotuluka mu America ndi ya Philip Morris International (PMI), kampani ina payokha yomwe inapatukana ndi Altria mu 2008, ndipo ntchito zake zambiri imayendetsera ku Lausanne ku Switzerland. Ku Canada nde kuli nthabwala yeniyeni: dzina loti Marlboro kumeneko lili m'manja mwa Imperial Tobacco Canada, yomwe ndi mwana wa British American Tobacco (BAT), mdani wawo weniweni pa msika.

Camel naye chimodzimodzi. Ku America ndi wa Reynolds, yomwe BAT inamaliza kuigula mu 2017 pa ndalama zoposa $49 biliyoni. Kunja kwa America Camel yemweyo ndi wa Japan Tobacco International (JTI), chifukwa mu 1999 a Japan anagula bizinesi yonse ya kunja ya RJ Reynolds. Likulu la JTI lili ku Geneva, ndipo gawo limodzi mwa magawo atatu a kampani yomwe ndi kholo lake ndi la boma la Japan. Nde munthu akusuta ngamila ya chimereka, ndalama ikudutsa ku Switzerland, ina nkukathera ku thumba la boma ku Tokyo. Winston kunja ndi wa JTI, ku America ndi wa Imperial Brands ya ku Bristol. Mutu ungaime.

Kugawana kotereku sikwa lero ayi. Mu 1901 James Buchanan Duke, mwini American Tobacco Company, atameza pafupifupi msika wonse wa kwawo anawoloka nyanja nkukagula kampani ya Ogden's ku Liverpool. Makampani 13 a ku Britain ataona kuti awatha mmodzimmodzi anagwirizana nkupanga Imperial Tobacco, yomwe lero ndi Imperial Brands ija. Anamenyana pa mitengo chaka chathunthu, onse kumangotaya ndalama, kenako mu 1902 anakhala pansi ngati anthu akuluakulu: iwe khala ku America, ife tikhala ku Britain, maina ako ogulitsidwa kuno akhale athu, athu ogulitsidwa kwanuko akhale ako, ndipo dziko lonse lotsalalo tipangire kampani imodzi yoti tidyere limodzi. Kampani imeneyo ndi British American Tobacco. Inabadwa ilibe kwawo kogulitsa, msika wake unali "kwina konse". Ndikaganiza kuti Africa yense, Asia yense, anangolowa mu chiganizo chimodzi cha mgwirizano wa anthu omwe anatopa kumenyana, zimandipatsa kaphuma kenakake.

Lero mukachotsa China, msika waukulu uli m'manja mwa anayi omwewa: PMI, BAT, JTI ndi Imperial. China ndi nkhani ina. Kampani ya boma, China National Tobacco Corporation, payokha imapanga ndudu zoposa 2 thiriliyoni pachaka, kuposa 40 peresenti ya ndudu zonse za padziko, ndipo pafupifupi zonse zimasutidwa konko ndi anthu okwana 300 miliyoni. Chimphona chenicheni ndi chimenecho, koma funsani munthu wosuta ngati anamvapo za Chunghwa kapena Hongtashan, angokuyang'anani.

## Mafakitale anasamuka kalekale

Ine ndinkaganiza kuti ndudu ya dzina lachingelezi imapangidwa ku England. Kumeneko mafakitale akuluakulu a ndudu anatha. BAT inatseka ya ku Southampton cha m'ma 2007, Imperial inatseka ya ku Nottingham mu 2016, JTI inatseka ya ku Ballymena ku Northern Ireland mu 2017. Malikulu alipo, BAT ikadali ku London, Imperial ikadali ku Bristol, koma ndi maofesi a anthu a masuti, ma akauntanti ndi maloya. Utsi wa makina uli kwina. Philip Morris nayo inasiya kupanga ndudu ku Bergen op Zoom ku Netherlands mu 2014, fakitale yomwe inali imodzi mwa zikuluzikulu zake.

"EU" ya pa paketi yanga ija mwina inali Poland, poti anayi onse aja ali ndi mafakitale kumeneko, PMI ku Kraków, BAT ku Augustów, JTI kufupi ndi Łódź, Imperial kufupi ndi Poznań. Mwinanso Romania, BAT ili ndi fakitale yayikulu ku Ploiești. Mbali zina za dziko mupeza Uberlândia ku Brazil, Izmir ku Turkey, Nairobi, Ibadan, Dar es Salaam. Fakitale imodzi imadyetsa maiko ambirimbiri, lero ikupakira ndudu za dziko ili ndi chenjezo la chiyankhulo chawo, mawa yasintha mapaketi ikupakira dziko lina.

Chomwe chimatheketsa zimenezi ndi liwiro la makina. Kale munthu waluso wopichira ndi manja ankapanga ndudu zinayi pa mphindi. Makina a James Bonsack a m'ma 1880, omwe Duke uja anawagwiritsitsa anzake akukayika, ankapanga 200 pa mphindi. Makina a masiku ano, ngati opangidwa ndi a Hauni ku Hamburg, amafika 20,000 pa mphindi imodzi. Ndinawerengetsera: a malume amasuta ndudu khumi patsiku, nde zonse zomwe asuta pa zaka 40 makina amenewa amazilavula pasanathe mphindi khumi. Ndinawauza zimenezi, anaseka, koma kuseka kwake kunali kwaufupi.

Nde poti makina ndi omwe amagwira ntchito, fakitale sisowa anthu ambiri, ndipo kuisamutsa sikovuta. Imapita komwe malipiro ali otsika, msonkho uli wofewa, komanso komwe katundu angadutse malire a maiko oyandikana popanda kulipira kasitomu. Zinthu zikasintha amamasula makina, kuwakweza, ulendo.

## Zomwe zinali pa nyuzipepala paja

Apa mpomwe ndinazindikira kuti lilime la a malume linali ndi digiri kuposa ine.

Ndudu imodzi simukhala fodya wa munda umodzi, ngakhale wa dziko limodzi. Pali mitundu itatu ikuluikulu. Virginia, wowumitsidwa ndi kutentha kwa mapaipi m'mabani, amatuluka wachikasu ndipo amakhala ndi shuga wake wachilengedwe, uyu amachokera kwambiri ku China, Brazil, India, Zimbabwe ndi America. Bale, wowumitsidwa ndi mphepo m'zigafa, ndi wodera, alibe shuga koma amamwa chilichonse chomwe mwamuthira ngati siponji, uyu amachokera ku Malawi, Brazil, America, Mozambique. Kenako oriental, timasamba ting'onoting'ono tonunkhira towumitsa padzuwa, ta ku Turkey, Greece, Bulgaria ndi North Macedonia.

Ndudu zina ndi Virginia yekhayekha, ndipo ndi zomwe zinazolowereka ku Britain, Canada, Australia ndi maiko ambiri omwe ankalamulidwa ndi Britain. Zina amasakaniza mitundu itatu yonseyi, nkuthira bale uja shuga, koko ndi zina zofewetsa utsi, zimenezi ndi za kasakanizidwe ka chimereka zomwe zinafala ku Ulaya. Kafungo ka koko kaja nkameneko. Dzina pa paketi likhoza kukhala limodzi, koma kampani imaphika mogwirizana ndi pakhosi pa anthu a msika umenewo. Ndipo tizidutswa tooneka ngati pepala tija ndi pepaladi: fumbi la fodya, zinyenyeswa ndi timitengo ta pakati pa tsamba amazipera, kuzipanga phala, kuziyala ngati chinsalu, nkuzidulanso kuti zioneke ngati fodya. Palibe chotayidwa. Fodya wina amamufufumitsa ndi mpweya kuti wochepa adzaze ndudu yonse.

Chinanso, nthawi zambiri kampani ya ndudu siikumana ndi mlimi maso ndi maso. Pakati pamakhala makampani ogula masamba, akuluakulu ndi awiri a ku America, Universal Corporation ndi Alliance One yomwe ili pansi pa Pyxus. Amenewa ndi omwe amapereka ngongole ya feteleza pa kontirakiti, kugula, kupuntha masamba kuchotsa timitengo, kupakira m'makatoni a makilo 200, nkutumiza. Wambiri amakatsikira ku Antwerp ku Belgium, amakhala m'nyumba zosungira katundu chaka kapena ziwiri kuti akhwime, kenako nkugawidwa kupita ku mafakitale. Ogula ndi ochepa, alimi ndi mamiliyoni, nde mukudziwa kale amene amatchula mtengo. Pa ndalama yomwe wosuta amalipira pa paketi, gawo lalikulu m'maiko ambiri ndi msonkho wa boma, lotsatira ndi la kampani, la mlimi ndi kanyenyeswa koti mungakasake ndi tochi.

Nde "Made in" uja amangokuuzani malo omwe makina anakulunga pepala. Tsamba lachokera makontinenti atatu, fyuluta ndi pulasitiki ya cellulose acetate yochokera kwina, pepala kwina, dzina linalembetsedwa kwinanso.

## Timabowo tija

Izi nde zinandikwiyitsa. Maiko ambiri amayeza phula ndi nikotini wa mu ndudu pogwiritsa ntchito makina osuta. Makinawo amagwira fyuluta kunsonga kwenikweni nkumakoka pang'onopang'ono mofanana. Timabowo tija timalowetsa mphepo, utsi umasungunuka, makina nkulemba nambala yotsika. Koma munthu si makina. Zala zake ndi milomo zimatseka timabowoto osadziwa, ndipo chibaba chikapanda kukhutira amakoka mwamphamvu, kumeza utsi mozama, kapena kuyatsa ina msanga. Masaya a a malume aja kulowa m'kati, chinali chimenecho. Kwa zaka zambiri ndudu zoterezi zinkagulitsidwa ndi mawu oti "light" ndi "mild", anthu nkumaganiza kuti akudziteteza. Mawuwo ataletsedwa ku Ulaya ndi ku America makampani anangosintha nkuyamba kutchula mitundu, Gold, Blue, Silver, ndipo osuta sanasochere, aliyense anadziwa yake.

Ku European Union lamulo limati ndudu isapose 10 mg ya phula, 1 mg ya nikotini ndi 10 mg ya carbon monoxide. Switzerland sili mu EU, ndipo imalola kupanga ndudu zopyola malire amenewa bola zikhale zotumiza kunja. Mu 2019 bungwe la konko la Public Eye linatenga ndudu zopangidwa ku Switzerland zogulitsidwa ku Morocco nkukaziyezetsa, ndipo zinapezeka zamphamvu kuposa za maina omwewo zogulitsidwa ku Ulaya. Dzina limodzi, dziko lopangira limodzi, koma wogula wa uku ndi wa uko akupatsidwa zosiyana.

Apa mpomwe yankho la funso la a malume linandifikira. Orijino kulibe. Yanga ija inali yeniyeni, yawonso yeniyeni. Iliyonse inasokedwa mwa muyezo wa malamulo ndi pakhosi pa dziko lomwe ikupita, ngati telala wosoka suti yomweyo kwa anthu osiyana matupi. Komwe lamulo lili lothina amathinitsa, komwe lili lotayirira amatayiriza.

## Dziko likati lilimbe mtima

Nanga dziko likafuna kuthinitsa lamulo? Funsani Uruguay, kadziko ka anthu osakwana 4 miliyoni. Pulezidenti wawo Tabaré Vázquez anali dokotala wa khansa, anthu akufa ndi fodya anawaona ndi maso ake. Boma lake linalamula kuti zithunzi zochenjeza zitenge 80 peresenti ya paketi, komanso dzina lililonse likhale ndi mtundu umodzi wokha, za Gold ndi Blue zija ayi. Mu 2010 Philip Morris inawasumira ku bwalo la milandu ya ma investor la World Bank, pogwiritsa ntchito pangano la malonda la pakati pa Uruguay ndi Switzerland. Mlandu unatenga zaka 6. Uruguay inapambana mu 2016, koma pa ndalama za maloya inachita kuthandizidwa ndi Michael Bloomberg, mpondamatiki wa ku America.

Ya Australia nde imaonetsa bwino ubwino wokhala kampani yopanda kwawo. Boma litalengeza mu 2010 kuti ndudu zonse zizigulitsidwa m'mapaketi ofanana a mtundu wonyansa wabulauni, opanda logo, Philip Morris inasamutsa umwini wa bizinesi yake ya ku Australia nkuupereka ku nthambi yake ya ku Hong Kong, chifukwa Hong Kong inali ndi pangano ndi Australia lolola kusuma. Dzulo ndiwe wa ku Switzerland, lero wadzuka uli wa ku Hong Kong. Oweruza anaukana mlanduwo mu 2015, anati uku ndi kugwiritsa ntchito pangano molakwika. Mapaketi aja anayamba mu December 2012 ndipo maiko ena ambiri anatengera. Koma taganizani nduna ya zaumoyo ya dziko losauka ikuonerera zonsezi, ikuwerengera ndalama za maloya a zaka 6. Ngakhale kampani iluze, uthenga umakhala wafika.

Nchifukwa chake anamenyera nkhondo paketiyo kuposa china chilichonse. Fakitale akhoza kutseka, mlimi akhoza kumusiya nkukagula kwina, fodya akhoza kusintha kasakanizidwe. Chomwe sangalole kutaya ndi dzina ndi mtundu wa paketi, poti ndi zomwe munthu ngati a malume amakhala nazo pa ukwati zaka 40. Ndipo dzinalo ndi njiranso yotulutsira ndalama: nthambi ya kampani m'dziko lanu imalipira nthambi inzake ya ku Ulaya chifukwa chogwiritsa ntchito dzina, imalipira chiwongola dzanja pa ngongole yomwe yatenga kwa m'bale wake yemweyo, phindu looneka pa mabuku nkuchepa, msonkhonso nkuchepa. Timawu tija toti "mwachilolezo cha eni dzina" ndi invoisi.

Pangano la bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO lolimbana ndi fodya linayamba kugwira ntchito mu 2005 ndipo maiko oposa 180 analowamo. America ndi Switzerland anasaina koma sanalivomereze mpaka pano, Indonesia sinasaine nkomwe, ndipo ndi komwe PMI inagula kampani ya Sampoerna mu 2005 yomweyo. Ku maiko olemera osuta akuchepa chaka ndi chaka, pamene pafupifupi 80 peresenti ya ogwiritsa ntchito fodya ali m'maiko osauka ndi apakatikati. Makampani omwewa pano akulankhula za tsogolo lopanda utsi, PMI ili ndi IQOS, kachipangizo kotenthetsa fodya osamuwotcha, komwe kanayamba mu 2014 ku Japan ndi Italy, inagulanso Swedish Match, kampani ya fodya ndi nikotini woika m'kamwa, mu 2022. Chabwino. Koma makina a 20,000 pa mphindi aja sanazimitsidwe.

## Nanga feki yeniyeni?

Iliko, ndisawanamizire a malume kuti analota. Pali ndudu zokopera dzina zopangidwa mobisa. Palinso zina zopangidwa mwalamulo m'dziko lina koma cholinga chake nkuzembetsa basi, ngati Jin Ling ya ku Kaliningrad ku Russia yomwe inadzaza misika ya mseri ku Ulaya, kapena za ku Paraguay zomwe zimasefukira ku Brazil. Koma chomwe chinandidabwitsa nchoti mbiri ya kuzembetsa ili ndi zala za akuluakulu omwe. Ku Canada m'ma 1990 ndudu zinkatumizidwa ku America popanda msonkho nkubwereranso usiku kudzera pa malire, ndipo mu 2008 makampani awiri akuluakulu a konko anavomera mlandu nkulipira ndalama zoposa 1 biliyoni ya madola a ku Canada. Mu 2004 Philip Morris International inagwirizana ndi EU kulipira mpaka $1.25 biliyoni pa zaka 12 kuti nkhani za kuzembetsa zithe. Nde ndikamva kampani ikudandaula kuti msonkho ukakwera ndudu zozembetsa zichuluka, ndimamvetsera, koma ndi khutu limodzi.

## Selotepi

Patapita miyezi iwiri ndinapitanso kukawaona, mutu utadzaza ndi zonsezi, ndikufuna ndikawauze kuti a malume munkanena zoona koma munkalakwitsanso. Ndinawafotokozera za Poland, za Duke, za koko, za makina osuta. Anamvetsera mpaka pamapeto osandidula, zomwe sizichitikachitika. Pa nkhani ya Camel kukhala ndi eni awiri anagwedeza mutu. Pa nkhani ya Morocco anakhala chete nthawi yayitali, kenako anafunsa kuti, "Nde yangayi ndi ya gulu liti, ya azungu kapena ya ku Morocco?" Ndinati ziwirizi munaziona nokha pa nyuzipepala paja, yomwe inali ndi timabowo mukuidziwa.

Ndinafunsa za katoni ija, ndimaganiza kuti anagawa kapena kutaya. Analowa m'nyumba nkutuluka ndi paketi yomaliza, munatsala ndudu zitatu. Iliyonse inali itakulungidwa selotepi pa fyuluta, mwaukhondo, kamzere kamodzi kuzungulira pomwe pali timabowo paja. Anati mwezi wina zinthu zinavuta, nde anati feki yomweyo bola, ndipo atatseka mabowowo inayamba kumveka ngati ndudu. Mapaketi 9 anatha choncho, usiku uliwonse kukhala pansi ndi sizasi kukonzeratu za mawa.

Chomwe sanayembekezere nchoti atabwerera ku yawo ija, ya zaka 40, sabata yoyamba inkawakanda pakhosi. Ankaisowa koko uja. Anandiuza zimenezi motsitsa mawu ngati akuulula chibwenzi.

Anayatsa imodzi mwa zitatuzo, selotepi nkumanyezimira pa chala, nkundifunsa kuti ulendo wina wa kunja uliko liti. Ndinati mwina chaka chamawa. Anati ndikadzadutsanso pa sitolo paja ndidzawerenge kaye m'mbali mwa paketi ndisanalipire, ndipo ndidzawaimbire foni kuwauza dziko lomwe lalembedwapo. Sindinalonjeze kuti ndidzagula. Iwonso sanandikakamize, anangokhosomola kawiri, kupukuta pakamwa ndi kanjedza, nkubweza ziwiri zotsalazo m'thumba la shati, kumbuyo kwa paketi yawo yakale.